Ntchito Ikaima, Moto wa Pakhomo Usazime

 Lero ndifuna ticheze za nthaŵi ina yovuta imene imagwera mabanja a anthu olembedwa ntchito, ndiyo nthaŵi ya sitalaka, pamene antchito apangana zonyanyala ntchito chifukwa chosamvana ndi mabwana ao. Nkhani zotere zikamveka pa wailesi, amatiuza za malipiro amene antchito akufuna, za atsogoleri amene alankhula, ndi za tsiku limene mkangano watha. Koma satiuza za mai amene wasuzumira m'thumba la ufa m'mamaŵa nkupeza kuti watsala wa masiku aŵiri okha. Satiuzanso za ana amene akudabwa kuwona bambo ao ali khale pakhonde dzuŵa lili paliwombo. Ine ndifuna tiloŵe m'nyumbamo, pakuti sitalaka amailengeza pa chipata cha kampani, koma oisenza ake ali kunyumba.

Kuti tisangolankhula za m'mutu, tiyeni tipite ku malo amodzi enieni, ku Luanshya, ku migodi ya kopa ya m'dziko la Zambia, limene mpaka chaka cha 1964 linkatchedwa Northern Rhodesia. Malo ameneŵa si achilendo kwa ife. Makolo athu ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata, adagwirako ntchito, ena pansi pa mgodi, ena m'maofesi. Zimene zidaŵachitikira pakati pa chaka cha 1935 ndi cha 1955 zingathe kutiphunzitsa ife lero, kaya timagwira ntchito ku esiteti, ku fakitale, ku sukulu kapena ku chipatala.

Zonse zinali za kampani

Mgodi wa ku Luanshya, umene eni ake adautcha Roan Antelope, udayamba kutulutsa kopa m'chaka cha 1931. Panali chinthu chimodzi chosiyanitsa migodi ya kumeneku ndi ya ku Joni. Ku Joni amuna ankagona okhaokha m'makomboni, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Koma ku Luanshya eni mgodi ankalola munthu kubwera ndi banja lake, chifukwa adaaona kuti mwamuna wokhala ndi mkazi wake amakhazikika pa ntchito, ndipo sadwaladwala popeza amadya chakudya chophikidwa bwino. Motero komboni idasanduka mudzi waukulu wa Abemba, Abisa, Alozi, Ansenga, Angoni, Acheŵa, Atumbuka, Atonga ndi mitundu ina yambiri.

Komatu mudziwo unali ndi mwini wake. Nyumba inali ya kampani, madzi a pa mpopi a kampani, chipatala chimodzimodzi. Ngakhale chakudya chinkachokera ku kampani komweko: pa masiku oikika anthu ankandanda pa mzere kukalandira phoso, ndiye kuti ufa, nyama, nyemba, mtedza ndi mchere. Malipiro ankaŵerengera pa tikiti, ndipo tikiti inkadzaza munthu akagwira masiku 30. Tsono mukuwona kuti wonyanyala ntchito sankaika pachiswe ndalama zokha ai. Ankaikanso pachiswe denga logonamo ana ake ndi nsima yao yomwe. Nchifukwa chake mwamuna wa kumeneko sakadatha kuuza mkazi wake kuti, "Izi nza amuna, inu zisakukhudzeni." Woyamba kuzimva anali mkaziyo.

Padali zinthu zoŵerengeka zimene sizinali m'manja mwa kampani, ndipo zambiri mwa izo zinali m'manja mwa amai. Ku Luanshya mabanja ambiri anali ndi timinda kunja kwa komboni, m'mene ankalima chimanga, mbatata, maungu ndi ndiwo zamasamba. Amai ena ankagulitsa nsomba ndi zakudya zina, enanso ankafulula moŵa mobisa, popeza lamulo linkafuna kuti anthu azimwera ku nyumba ya moŵa yovomerezeka yokha. Pa masiku a mtendere tinthu timeneti tinkaoneka ngati tongowonjezera. Tikumbukire bwino, chifukwa tikumana natonso kutsogoloku.

Ng'oma ya Lamulungu masana

Munthu sakhala moyo ndi ntchito ndi nsima zokha. Lamulungu masana, ntchito itapumira, komboni inkalira ng'oma. M'zaka za m'ma 1930 gule wotchuka anali mbeni, m'bale wake wa beni wa kwa Ayao ndi malipenga a kunyanja kwathu kuno. Magule onseŵa gwero lao ndi ku gombe la kuvuma kwa Afrika, kumene anthu ankatsanzira perete wa asilikali ndi bandi yao. Gulu la mbeni linali ndi maudindo ake: mfumu, kazembe, dokotala ndi ena otero. Ovinawo ankasonkha ndalama, ankathandizana pa matenda ndi pa maliro, ndiponso ankayenderana ndi magulu anzao a ku migodi ina kukapikisana.

Mabwana ankangoti ndi maseŵera a anthu akuda. Koma m'mwezi wa Meyi 1935 boma lidalengeza mwadzidzidzi kuti msonkho wa anthu okhala ku migodi wakwera kuchoka pa masheleni 12 ndi theka kufika pa masheleni 15. Anthu anali kale ndi madandaulo: malipiro adaatsika pa nthaŵi ya mavuto a chuma a zaka zam'mbuyomo, phoso silinkakwana, ndipo ena ankamenyedwa pa ntchito. Bungwe la antchito kunalibe. Tsono uthenga wakuti tinyanyale ntchito udayenda m'njira zimene zinalipo kale, ndipo imodzi mwa njirazo inali magulu a mbeni. Anthu amene adaazoloŵera kumvera mtsogoleri mmodzi pa bwalo la gule, adamveranso pa nkhani ya msonkho. Sitalaka idayambira ku Mufulira, idafika ku Nkana, kenaka ku Luanshya.

Ku Luanshya zinthu zidathera m'misozi. Pa 29 Meyi khamu la anthu lidasonkhana pa ofesi ya komboni, miyala idaponyedwa, apolisi adaombera mfuti, ndipo anthu 6 adafa. Panali akuluakulu ena amene kuyambira 1931 kampani idaakonza kuti mtundu uliwonse uzisankha, oti aziweruza milandu ya m'mabanja ndi kulandira alendo ochokera kumudzi. Pa tsiku limenelo anthu sadaŵamvere, poti ankaŵaona ngati maso a kampani, mwakuti akuluakuluwo adathaŵira mu ofesi momwemo. Patapita zaka zisanu mwazi udakhetsedwanso. M'mwezi wa Malichi 1940 Azungu a m'migodi adanyanyala ntchito nkulandira zimene ankafuna. Anthu akuda a ku Mufulira ndi ku Nkana atayesa zomwezo, asilikali adaombera khamu ku Nkana pa 3 Epulo, ndipo anthu 17 adataya moyo.

Apa tiphunzirepo ziŵiri. Choyamba nchakuti umodzi wa pa tsiku la mavuto suphuka tsiku lomwelo, umamera pa zimene anthu akhala akuchitira pamodzi pa masiku wamba. Chachiŵiri nchakuti ng'oma imatha kusonkhanitsa anthu, koma kuŵagwira mtima akapsa, payenera kukhala atsogoleri amene anthuwo amaŵakhulupirira.

Masabata atatu opanda mwazi

M'chaka cha 1949 antchito akuda a m'migodi yonse ya kopa adapanga bungwe lao limodzi, ndipo mtsogoleri wake anali Lawrence Katilungu. M'mwezi wa Okutobala 1952 bungwelo lidaitanitsa sitalaka, pofuna kuti malipiro a tsiku akwere ndi masheleni 2 ndi mapeni 8. Ambiri ankayembekeza kuti ziwoneka za 1935 ndi 1940 zija. Koma sitalakayo idatha masabata atatu mwabata, popanda kukhetsa mwazi. Nkhaniyo idapita kwa mkhalapakati, katswiri wa zachuma wa ku Cambridge dzina lake C. W. Guillebaud, amene kumayambiriro kwa 1953 adagamula kuti malipiro a tsiku akwere, ena ndi sheleni 1 ndi mapeni 2, ena mpaka sheleni 1 ndi mapeni 8.

Nanga chidasintha nchiyani? Anthu anali omwewo, njala inali yomweyo. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano anthu ankamva nkhani kuchokera pakamwa pa atsogoleri odzisankhira okha, pa misonkhano yapoyera, kotero kuti mphekesera zidasoŵa mphamvu. Ndiponso sitalaka ya masabata atatu siitheka ngati kunyumba kulibe mgwirizano. Ya tsiku limodzi mkwiyo wokha ungathe kuiyendetsa. Koma yaitali imayenda ndi mphika: m'maŵa uliwonse mai ayenera kupeza choika pa moto, apo ai mwamuna abwerera ku ntchito, kapena apita kukaponya miyala.

Masiku 58 a m'nyengo ya njala

Mayeso aakulu adabwera m'chaka cha 1955. Kumayambiriro kwa Januwale bungwe lija lidaimitsanso ntchito, pofuna kuti malipiro a tsiku akwere ndi masheleni 10 ndi mapeni 8. Ulendo uno makampani adalimba mtima. Adalengeza kuti onyanyalawo achotsedwa ntchito, nayamba kulemba anthu ena atsopano. Sitalaka idatha masiku 58, mpaka kumayambiriro kwa Malichi. Potsiriza anthu adaloledwa kubwerera ku ntchito, koma masheleni 10 aja sadaŵaone.

Inu alimi mukudziŵa kuti Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yotani. Chimanga chakale chatha m'nkhokwe, chatsopano chisanakhwime. Ndiyo nthaŵi imene makolo kumudzi amayembekeza kuti mwana wao wa ku migodi atumiza kangachepe. Tsono sitalaka ya ku Luanshya inkaŵaŵa mpaka ku Petauke ndi ku Mzimba, kwa nkhalamba zimene sizidaonepo mgodi ndi maso.

Apa mpamene timinda tija ndi timalonda ta amai tidaonetsa mtengo wake. Mai wina wofufuza mbiri ya ku migodiko, Jane Parpart, adaonetsa m'zolemba zake kuti akazi sanali ongowonerera pa mikangano imeneyi. Ankafika nao ku misonkhano, ankadyetsa mabanja ndi za m'minda mwao ndi za malonda ao, ndipo ankadzudzula amuna ofuna kuzemba nkubwerera ku ntchito anzao asanalole. Khasu la mai, limene pa masiku a mtendere linkangowonjezera ndiwo, pa masiku ameneŵa ndilo lidagwira banja.

Njala si mdani yekhayo wa pa nthaŵi yotere. Wina ndi kukhala chabe. Mwamuna wozoloŵera kudzuka ndi kulira kwa belu la ku ntchito, akangokhala tsiku lonse manja ali lende, mtima wake umasaka pothira mkwiyo. Bwana ali kutali, koma mkazi ndi ana ali pafupi. Ndipo ngati m'thumba mwatsala kandalama, moŵa umaitana. Nchifukwa chake tisapeputse zosangalatsa zimene anthu a ku Luanshya anali nazo m'zaka zimenezo. Kunali mpira. Kunali kanema wapanja, kumene ana ankaphunzira kuseŵera za makauboyi. Kunali wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, imene idayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1949, yomvetsera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina, ndipo Alick Nkhata ankaimbapo nyimbo zake. Hortense Powdermaker, mai wa ku Amereka amene adakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, adaona kuti zinthu zimenezi nzazikulu pa moyo wa anthu, mwakuti adazipatsa malo ambiri m'buku lake lotchedwa Copper Town.

Kunalinso gule wa kalela, amene adatenga malo a mbeni. J. Clyde Mitchell adamuwonerera ku Luanshya komweko nalemba za iye m'chaka cha 1956. Anyamata ogwira ntchito zonyozeka pakati pa sabata ankavina atatchena, nsapato zili phuliphuli, ng'oma zao zili za migolo ya mafuta yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. M'nyimbo zao ankaseka mitundu ina, koma osekedwawo ankaseka nao. Paja Abemba ndi Angoni, amene makolo ao adamenyana nkhondo, adasandutsa udani wao kukhala chimbuya: amanyozana mwanthabwala, koma wina akamwalira kutali ndi kwao, anzake achimbuyawo ndiwo amagwira ntchito ya adzukulu. Munthu amene adzakumba manda a mwana wako, sungamuthire mwala chifukwa cha masheleni.

Mnansi amene adapita ku ntchito

Tsopano tifike pa bala loŵaŵa koposa, limene silipola msanga ngakhale malipiro atakwera. Pa sitalaka iliyonse pamakhala ena opita ku ntchito. M'zaka zimenezo makalaliki ndi ena a maudindo okwererapo adaapanga bungwe laolao, lotsogozedwa ndi Godwin Lewanika, ndipo ankati nkhani zao nzosiyana ndi za anthu a fosholo. Anzao adaŵapatsa dzina lachipongwe lakuti makobo, dzina la nsomba yosakoma. Ambiri mwa makalaliki a ku migodi anali Alozi ndi anthu a ku Nyasaland, ophunzira ku sukulu za mishoni monga Livingstonia ndi Blantyre. Choncho ife tisafulumire kudziika ku mbali ya olungama: makolo athu ena anali pakati pa onyanyala, enanso anali pakati pa otukwanidwawo.

Taganizani nyumba ziŵiri zoyandikana, zotungira pa mpopi umodzi. M'nyumba ina mukufuka utsi wa nyama, m'nyumba ina ana agona ndi phala. Amai aŵiri amene dzulo ankabwerekana mchere, lero akudutsana osapatsana moni. Ana amamva dzina limene bambo ao atchula usiku, ndipo m'maŵa amakalitchula ku sukulu. Sitalaka idzatha, mabwana ndi atsogoleri a bungwe adzagwirana chanza, koma nyumba ziŵirizo zidzakhalabe pomwepo, khomo kuyang'anana ndi khomo. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mau olankhulidwa pa masiku 58 angathe kutsata banja zaka 20.

Sindikunena kuti wonyanyala ndi wopita ku ntchito ali chimodzimodzi pa chilungamo. Kaŵirikaŵiri wopitayo amadzadya nao zimene anzake adazivutikira, ndipo ayenera kudzifunsa moona mtima. Koma inu simudziŵa zonse za m'nyumba mwake, kaya muli wodwala, kaya ngongole yamufika m'khosi. Mungathe kutsutsana naye poyera pa msonkhano. Zowononga katundu wake, kuwopseza mkazi wake kapena kusala ana ake, zimenezo sizikweza malipiro a munthu aliyense.

Zoti titengepo ife

Mpingo sudakhale chete pa nkhani imeneyi. M'kalata yake ya m'chaka cha 1981 yonena za ntchito, yotchedwa Laborem Exercens, Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adaphunzitsa kuti antchito ali ndi ufulu wonyanyala ntchito popanda kulangidwa, koma kuti njira imeneyi ikhale yotsiriza, njira zina zonse zitakanika, ndiponso kuti ntchito zosunga moyo wa anthu zisaimitsidwe. M'kalata yomweyo adati malipiro olungama ndi amene angathe kusunga banja. Ngati tsono cholinga cha sitalaka ndi ubwino wa banja, nkulakwa kwakukulu kupasula banjalo pomenyera malipiro ake.

Kwa inu abambo ndikuti: musanakweze dzanja pa msonkhano, khalani pansi ndi amai kunyumba. Muŵerengere pamodzi ufa umene ulipo, ngongole zimene zilipo, ndi masiku amene mungathe kupirira. Ndalama yotsiriza isapite ku moŵa. Ndipo musachite manyazi kugwira khasu, kukonza denga lodontha lija, kapena kukhala ndi ana anu pa ntchito yao ya ku sukulu. Mwina ana anu adzakumbukira masiku ameneŵa ngati nthaŵi imene adaŵadziŵa bwino bambo ao.

Kwa inu amai ndikuti: kamunda kanu ndi kageni kanu musakapeputse pa masiku a mtendere, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Ana auzeni zoona molingana ndi msinkhu wao, kuti bambo sadachite ulesi, koma pali nkhani imene akuluakulu akukambirana. Ana amapirira njala kuposa m'mene amapiririra mantha a chinthu chimene sakuchimvetsa. Ndipo musaŵaletse kuseŵera ndi ana a mnansi uja, paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ndikuti: kumbukirani akuluakulu aja a ku Luanshya amene adathaŵira mu ofesi chifukwa anthu ankaŵaona ngati a mbali imodzi. M'tchalitchi mwanu mudzakhala onyanyala, opita ku ntchito, apolisi, mwinanso bwana amene. Yenderani nyumba zonse. Ngati mphakati usonkha ufa, uyambire kwa odwala, kwa amai oyamwitsa ndi kwa ana, osafunsa kuti bambo wa pakhomopo ali mbali iti. Kwaya isaleke kukumana, mpira wa achinyamata usaime, ndipo pa maliro pasasoŵe munthu chifukwa cha mkangano wa ku ntchito. Malo ameneŵa ndiwo milatho imene anthu adzaolokerepo pobwererana.

Migodi ya ku Luanshya yaona zambiri chichokere masiku amenewo. Idakhalapo m'manja mwa boma, idagulitsidwa m'chaka cha 1997, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito idaima, mabanja ambiri nkutsala opanda malipiro, ulendo uno popanda ndi sitalaka yomwe. Eni kampani amasintha, malipiro amakwera ndi kutsika, koma anthu oyandikana nyumba amasoŵanabe m'maŵa ndi madzulo. Tsono pamene kukadali mtendere, pitani ku maliro a mnansi, bwerekanani mchere, limani kamunda kaja, vinani gule wanu. Tsiku limene ntchito idzaime, mudzapeza kuti munkasunga chuma osadziŵa.

Mulungu adalitse mabanja anu ndi ntchito za manja anu.